Dipuloma, PMP ndi miyezi imene palibe anailemba

Masiku ano simungatsegule Facebook osakumana ndi chilengezo cha maphunziro a kayendetsedwe ka mapulojekiti. Ena akuti bwerani mutenge dipuloma. Ena akuti musataye zaka m'kalasi, tengani PMP m'masabata ochepa chabe ndipo dziko lonse lidzakudziwani. Achinyamata amene ndimakamba nawo, a ku Lusaka ndi a kuno kum'mawa, amafunsa funso limodzi: pa ziwirizi champhamvu n'chiti? Ine ndinakulira ku Petauke, ndimasewenza ku Nyimba, ndipo nchito yanga ndi yoyang'anira zomanga zing'onozing'ono monga makalasi, zimbudzi za pasukulu ndi nyumba za aphunzitsi. Zimene ndaona n'zakuti mapepala awiriwa sapikisana. Lililonse lili ndi funso lake limene limayankha, ndipo mabwana amene amawafuna ndi osiyana.

Tiyambe ndi dipuloma, popeza ndiyo imene makolo athu amaidziwa. Dipuloma ndi pepala la sukulu. Umalowa ndi Giredi 12, kawirikawiri ndi makirediti asanu, umaphunzira zaka ziwiri kapena zitatu, umalemba mayeso, ndipo ukapambana pepalalo ndi lako mpaka kumanda. Pa makwerero a maphunziro amene a ZAQA amasunga, oyambira pa 1 kufika pa 10, dipuloma ili pa 6 ndipo digiri yoyamba ili pa 7. Nambala imeneyi ndi imene boma limamva. Mukawerenga chilengezo cha nchito za m'makhonsolo chochokera ku Local Government Service Commission, mupeza mzere wa Giredi 12, mzere wa dipuloma kapena digiri, ndipo nthawi zambiri mzere wakuti mapepala akhale otsimikizidwa ndi ZAQA. Wosankha makalata amakhala ndi mulu waukulu patebulo, choncho amayamba ndi kuchotsa onse amene alibe zimenezi. Setifiketi ya kunja, kaya itchuke bwanji, siingakudutsitse pa sefa yoyambayo ngati dipuloma palibe.

Yanga ndinaitenga pa koleji ina ku Lusaka mwa maphunziro a patali. Tinali kupita kukakhala kusukulu masabata angapo, kenako n'kubwerera kwathu ndi mtolo wa zolemba. Ulendo wake ndimaudziwa ngati njira ya kumunda: basi ya m'mamawa, mapiri a ku Kacholola, mlatho wa Luangwa, Chongwe, mpaka pa Intercity. Fizi inali kuchokera ku nshawa za amai ndi ku kamalipiro kanga. Kumeneko ndinaphunzira kupanga bajeti, kugawa nchito yaikulu m'tizigawo ting'onoting'ono, kuona kuti chigawo chiti chikachedwa chimachedwetsa zonse, ndi kulemba lipoti loti bwana awerenge n'kumva. Ndinaphunziranso malamulo a kagulidwe ka zinthu za boma, amene a ZPPA amayang'anira. Zonsezi ndimazigwiritsa nchito sabata iliyonse, ndipo sindingauze munthu kuti dipuloma ndi kutaya nthawi.

PMP ndi chinthu china. Imachokera ku Project Management Institute, bungwe la ku America limene linayamba mu 1969, ndipo setifiketiyi inayamba kuperekedwa mu 1984. Bungweli si sukulu yoti ulembetse n'kukhala m'kalasi zaka. Limangochitira umboni kuti munthu uyu watsogolera kale mapulojekiti ndipo akudziwa zimene akuchita. N'chifukwa chake usanaloledwe ngakhale kulemba mayeso, amafuna uonetse miyezi. Malinga ndi malamulo amene anali kugwira nchito mu 2025, wokhala ndi digiri ya zaka zinayi anafunika miyezi 36 yotsogolera mapulojekiti, ndipo wopanda digiri anafunika miyezi 60, ndiye kuti zaka zisanu. Onse anafunikanso maola 35 a maphunziro. Mayeso anali ndi mafunso 180 oti uyankhe m'mphindi 230. Ukapambana, setifiketi imakhala zaka zitatu chabe, ndipo kuti isafe uyenera kusonkhanitsa maola 60 a maphunziro ena ndi kulipiranso. Malamulowa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho muziwawerenga nokha pa webusaiti ya PMI.

Pali mawu amodzi amene amasokoneza anthu kuno. Anthu a ku America amatcha pepala lomalizira sekondale kuti "diploma". Ndiye wina akawerenga kuti wa "diploma" angathe kulemba PMP, amaganiza kuti akukamba za dipuloma yathu ya ku koleji. Akukamba za Giredi 12. Pa malamulo a 2025 aja, ine wa dipuloma ya ku koleji ndi mnzanga wa Giredi 12 chabe tinali pamzere umodzi wa miyezi 60. Mtengo nawonso si wamasewera. Mayeso okha amapitirira madola 400. Mu 2024, pamene dola inali kudutsa K25 kwa mbali yaikulu ya chaka ndipo a FRA anali kugula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K330, ndalama imeneyo inali matumba oposa 30. Chakacho chinali cha chilala, ndipo mabanja ambiri kuno sanakolole ngakhale matumba asanu.

Msuweni wanga wina amakhala ku Mtendere. Atamaliza Giredi 12 anakhala zaka ziwiri akugulitsa mu shopu ya mafoni, ndipo tsiku lina ananditumira chithunzi cha chilengezo cha maphunziro a PMP a masiku asanu pa hotela ina. Anali atauza kale azakhali kumudzi kuti agulitse soya. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, pamapeto pa masiku asanuwo akupatsa pepala lolembedwa chiyani?" Atafunsa, anamuuza kuti ndi pepala losonyeza kuti anakhalapo pa maphunziro. Ameneyo ndi maola 35 aja, khomo loyamba chabe. PMP yeniyeni imabwera pambuyo pa miyezi, fomu, madola ndi mayeso. Ophunzitsawo sananame kwenikweni, koma zilembo zazikulu zinali kunena china ndipo zing'onozing'ono zinali kunena china. Msuweniyo analibe ngakhale mwezi umodzi woti alembe pa fomu ya PMI. Soya ija ikanapita, iye n'kutsala ndi chithunzi chovala jekete pa hotela.

Choncho chinthu chosowa kwenikweni kwa wachinyamata ndi miyezi. Sukulu zogulitsa maphunziro zilipo zambiri, koma palibe imene imagulitsa miyezi 60. Apa m'pamene ndimaona kuti ife a m'maboma aang'ono tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Kufikira 2021, chigawo chilichonse cha aphungu chinali kulandira K1.6 miliyoni ya CDF pachaka. Mu 2022 ndalamayi inakwera kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 inafika pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. Gawo lalikulu limapita ku zomanga za m'madera. Maphunziro aulere atayamba mu 2022, ana anadzaza m'makalasi, ndipo panafunika makalasi atsopano, madesiki, zimbudzi ndi mijigo. Ku Nyimba, ku Petauke Central ndi ku Kaumbwe, chilichonse cha zimenezi ndi pulojekiti yokhala ndi poyambira, pothera, bajeti ndi anthu oti uwayankhe. Mnzanga wa ku Lusaka angakhale zaka zitatu mu ofesi yaikulu akungojambula mapepala. Kuno kontrakitala wamng'ono alibe anthu ambiri, ndiye akakukhulupirira amakupatsa saiti yonse.

Nyumba yoyamba imene ndinaiyang'anira kuchokera pa maziko mpaka pa malata inali ya makalasi atatu, kutali ndi tala. Papepala inali ya miyezi inayi. M'buku la kukoleji munalibe mutu wonena za mchenga wa kumtsinje, koma amisiri anandiuza tsiku loyamba kuti tiututiretu mvula isanayambe, chifukwa mtsinje ukadzaza mchenga sungaupezenso mpaka madzi ataphwa. Simenti inafunika kufika msewu ukali wouma, n'kuikidwa pamatabwa kuti isagwire chinyezi. Malipiro anali kubwera m'zigawo, oyang'anira a kukhonsolo akabwera kudzaona ndi kusaina, ndipo pakati pa kusaina ndi ndalama kufika panali kudutsa masabata. Omanga njerwa sadikira siginecha, amafuna ndalama ya ufa Lachisanu. Ndinaphunzira kusunga kandalama ka masiku oterowo, kukamba ndi a nduna za madzi ndi malo osungira katundu, ndiponso kuuza a hedi zoona pamene tachedwa. Nyumbayo inatha m'miyezi isanu ndi umodzi. Dipuloma inandipatsa mayina a zinthu zimene ndinali kuona, ndipo saitiyo inandiphunzitsa nthawi yake yozichitira. Pa fomu ya PMI, miyezi isanu ndi umodzi imeneyo ndi imene ili ndi malo.

Koma miyezi imawerengedwa ngati inalembedwa, ndipo apa ndiye pali vuto lathu. Amalume anga ku Petauke akhala wapampando wa komiti ya zomanga pa tchalitchi ndi pasukulu kwa zaka zambiri. Anaumbitsa njerwa, anasonkhetsa ndalama, anathamangitsa mmisiri wakuba malata, anamaliza nyumba ya abusa ndi makalasi awiri. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Amalume, kodi muli ndi pepala lililonse losonyeza kuti munayamba liti ndipo munamaliza liti?" Anaseka n'kunena kuti, "Mphwanga, pepala la chiyani? Nyumba si iyo yaimirira apo?" Iwo akunena zoona, ndipo pa msinkhu wawo safunanso nchito kwa munthu. Koma wachinyamata amene akuchita zofananazo lero adzafunika kukhutiritsa munthu wa ku Lusaka kapena wa kunja amene sadzabwera kudzaona nyumbayo. A PMI amasankha mafomu ena mwachisawawa n'kufuna kuti amene anali bwana wako atsimikize zimene walemba. Ngati bwanayo anasamutsidwa ndipo nambala yake ulibe, miyezi yako yapita ndi mphepo.

N'chifukwa chake ndili ndi buku lachikuto cholimba, longa la kaundula wa kusukulu. Pulojekiti iliyonse ili ndi tsamba lake: dzina ndi malo, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndalama zake, anthu angati anali pansi panga, zimene ine ndinasankha ndekha, vuto lalikulu ndi mmene tinalithetsera, ndiponso dzina ndi nambala ya amene angandichitire umboni. Nchito ikatha ndimapempha kalata yaifupi yokhala ndi chidindo, tsiku lomwelo la kupereka makiyi, anthu akali okondwa. Ndimaijambula ndi foni n'kudzitumizira pa imelo, chifukwa foni imabedwa ndipo chiswe chimadya mapepala. Dziwaninso kuti mapulojekiti awiri ochitika mwezi umodzi amawerengedwa ngati mwezi umodzi, ndipo kukonza ukwati wa mlongo wako kapena homuweki ya kukoleji sizilowa. Nchito yosalipidwa ingalowe ngati inachitikira m'bungwe lenileni. Miyezi yakale kwambiri nayonso imafika potayika, choncho musaisunge mpaka imvi.

PMP si setifiketi yokhayo. A PMI omwewo ali ndi CAPM, ya anthu amene akungoyamba. Imafuna Giredi 12 ndi maola 23 a maphunziro, osafunsa miyezi, ndipo mtengo wake ndi wocheperapo ngakhale kuti ndi wa madola ndithu. Palinso PRINCE2, njira imene inachokera ku boma la Britain mu 1996, yokhala ndi gawo la Foundation ndi la Practitioner. Imene ndinatenga ine ndi Project DPro, yomwe kale inali kutchedwa PMD Pro, ya bungwe la PM4NGOs. Anaikonzera anthu a nchito za chitukuko, buku lake limapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo mayeso ake ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi PMP. Ndinaiwerenga pa foni usiku, masiku amene malaiti anali kuzima maola ambiri. Zitsanzo zake ndi za mijigo, zimbudzi ndi mbewu, zinthu zimene munthu wa kuno amazimva msanga kuposa zitsanzo za mabanki ndi makompyuta.

Setifiketi ngati imeneyi ili ndi malo ake chifukwa boma si lokhalo limene limalemba anthu nchito kum'mawa. Kuli mabungwe a zaulimi ndi a zankhalango monga COMACO, amene amagula mbewu kwa alimi osamalira chilengedwe, ndi mapulojekiti olipiridwa ndi maiko akunja. Ngakhale msewu wa Great East, kuchokera pa mlatho wa Luangwa kukafika ku Mwami, unakonzedwa ndi thandizo la European Union ndi mabanki a chitukuko. Kumene kuli ndalama yakunja kumakhalanso kalembedwe kake ka malipoti, ndipo amene amadziwa chilankhulo chimenecho amamveka msanga pa intavyu. Komabe zilengezo zambiri za mabungwe zimene ndaziona zimayamba ndi digiri kapena dipuloma, kenako zaka za nchito, ndipo setifiketi imabwera kumapeto ndi mawu akuti ndi mwayi wowonjezera. Amene analemba chilengezocho wakuuzani kale dongosolo lake.

Pali chinanso chimene ogulitsa maphunziro sakonda kukamba. Kayendetsedwe ka mapulojekiti kali ngati mchere, kamafuna ndiwo zoti uthiremo. Pa saiti ya zomanga, munthu amene sadziwa kuwerenga pulani kapena kusiyanitsa konkire yabwino ndi yochepa simenti amanamizidwa ndi amisiri, kaya ali ndi mapepala angati. Nchito za uinjiniya zimafuna olembetsedwa ku EIZ, ndipo kontrakitala aliyense amafunika kulembetsa ku NCC, kumene kuli magiredi kuyambira 6, ya ang'onoang'ono, kufika pa 1. Kontrakitala wa Giredi 6 akamafuna munthu, amayamba kufunsa wodziwa zomanga, zamagetsi kapena zamipope. Ndiye kwa wina amene wangomaliza Giredi 12, funso labwino lingakhale lakuti aphunzire luso liti choyamba: zomanga, ulimi, zaumoyo, maakaunti kapena kagulidwe ka katundu. Za mapulojekiti zimakhala bwino pamwamba pa chimodzi cha zimenezi. Ubwino wake, basale ya CDF ya maphunziro a luso imalipira ku makoleji ovomerezeka ndi TEVETA, ndipo mafomu amadutsa ku komiti ya chitukuko ya mu wadi yanu.

Munthu akandifunsa kuti asankhe chiti, ndimayamba ndamufunsa kuti ali pati. Ngati uli ndi Giredi 12 chabe ndipo ukufuna nchito ya boma kapena ya khonsolo, tenga dipuloma yovomerezeka, ndipo uisankhe moti mawa ikulowetse ku digiri osayambiranso pansi. Ngati uli kale ndi dipuloma kapena digiri ya luso lina, dipuloma yachiwiri ingakudyere zaka ndi ndalama popanda kukukweza pa makwerero a ZAQA. Kwa iwe setifiketi yaing'ono ngati Project DPro kapena CAPM ikukwanira pamene ukusonkhanitsa miyezi. Ngati watsogolera kale mapulojekiti zaka zambiri ndipo ukuyang'ana ku migodi ya ku Solwezi, ku makampani aakulu kapena kunja kwa dziko, PMP ndi yako, ndipo madola amenewo angabwerere. Msuweni wanga uja tsopano akuphunzira za kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu, ndipo pa holide amabwera kudzawerenga matumba a simenti pa saiti.

Safunsa anadya phula. Musanalipire ngwee imodzi, fufuzani dzina la koleji ndi la kosi yeniyeniyo pa mndandanda wa TEVETA kapena wa Higher Education Authority, chifukwa koleji ingakhale yolembetsedwa koma kosi ina ayi. Funsani kuti pepala lomaliza lidzasainidwa ndi yani ndipo lili pa nambala iti ya ZAQA. Kwa ophunzitsa za PMP, funsani ngati ndalama imene akutchula ikuphatikizapo mayeso, ndiponso ngati iwowo ali nayo setifiketiyo. A PMI ali ndi kaundula pa intaneti pomwe mungafufuze mayina a anthu amene anaipata. Wophunzitsa woona sakwiya ndi mafunso otere.

Ndikudziwa zimene ena anganene, kuti nchito m'dziko muno zimayendera kudziwana, ndipo alipo a madigiri amene akuyendetsa njinga zamoto pa Petauke turn-off. N'zoona, alipo, ndipo ena ndinaphunzira nawo. Palibe pepala limene limalonjeza nchito. Koma ndaonanso kuti m'boma laling'ono mbiri imayenda msanga kuposa basi. Kontrakitala amauza mnzake kuti mwana uja sataya simenti, amasunga malisiti, ndipo akati Lachitatu ndi Lachitatu. Kudziwana kotereku munthu angathe kukumanga yekha ngakhale alibe wachibale mu ofesi. Mapepala amathandiza pa tsiku limene mbiri imeneyi ifunika kufika kumene sakudziwa dzina la atate ako.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa inu amene muli ku Chawama, ku Kanyama kapena ku Kapata koma kwanu ndi kuno, mukabwera pa holide funsani a khansala kapena a komiti ya wadi kuti chaka chino avomereza zomanga ziti ndipo wapatsidwa ndani. Pitani kwa kontrakitalayo mukapemphe kusunga buku la katundu, ngakhale malipiro akhale ochepa. Kusunga buku la katundu si kutsogolera pulojekiti, koma ambiri a ife tinayambira pamenepo tisanapatsidwe saiti. Buku langa lili pa miyezi 41. Ngati mvula ndi malipiro ziyenda bwino, nyumba ya aphunzitsi imene tayamba iwonjezerapo isanu.